Mphika wa Dal: Mafunso ndi Mayankho pa Zakudya za Pakhomo ku India

Ambirife chakudya cha Amwenye tinachidziwira pa samusa, pa chapati, ndi pa mpunga wa biryani wotuluka m'miphika ikuluikulu pa ukwati kapena pa Eid. Chimenecho n'chakudya cha alendo ndi cha malonda. Chimene banja la ku Surat kapena ku Madurai limadya Lachiwiri masana, pakhomo popanda mlendo, n'china, ndipo n'chimene ana a m'banjamo amachilira akapita kutali.

Kodi n'zoona kuti Amwenye amadya curry tsiku lililonse?

Mukafunsa mayi wa ku Gujarat chimene waphika lero, sangakuuzeni kuti curry. Adzatchula dal, bhat, rotli ndi shaak: msuzi wa nandolo, mpunga, timikate topyapyala ta ufa wa tirigu, ndi ndiwo zamasamba. Ufa wachikasu wa m'kapaketi umene timathira mu nkhuku uja unatchuka ndi Angelezi, amene ankafuna kukoma kwa ku India popanda kuvutika ndi kukazinga ndi kusinja zokometsera zambirimbiri. Pofika 1747, buku la zophikaphika la Hannah Glasse ku England linali litalemba kale kaphikidwe ka curry. M'nyumba zambiri za ku India mulibe ufa umodzi wothira paliponse. Ndiwo zilizonse zili ndi zokometsera zakezake.

Dzikolo lili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo sadya zofanana. Kumpoto, ku Punjab ndi ku Uttar Pradesh, munthu akati wadya ndiye kuti wadya tirigu. Kum'mwera ndi kum'mawa ndi mpunga. M'midzi ya ku Rajasthan, Gujarat ndi Maharashtra amaumba ndi manja mikate yokhuthala ya mchewere ndi mapira. Ku Kerala kokonati amalowa pafupifupi mumphika uliwonse, pamene ku Bengal nsomba za m'mitsinje amazikazinga m'mafuta a nthangala za mpiru, oluma m'mphuno. Naan ndi nkhuku ya tandoori za m'malesitilanti zija n'zakumpoto, ndipo zimafuna ng'anjo yadothi yotchedwa tandoor imene nyumba zambiri zilibe.

Ngati pali chakudya chimodzi chopezeka paliponse, n'chiti?

Ndi dal. Amene anadyapo chipere savutika kumvetsa: ndi mbewu za mtundu wa nyemba zochotsedwa makoko, zoswedwa pawiri, zowiritsidwa mpaka zitasungunuka n'kukhala msuzi. Toor ndi nandolo, moong ndi mphodza, chana ndi tchana. Palinso masoor wofiirira wosachedwa kupsa, ndi urad wa khungu lakuda amene ku Punjab amamuphika usiku wonse pamoto wochepa.

Dal wowiritsa yekha ndi wozizira. Chimamudzutsa ndi ntchito ya mphindi imodzi yokha, imene Chihindi chimati tadka kapena chhaunk, Agujarati amati vaghar. Wophika amatenthetsa mafuta kapena ghee, mafuta oyengedwa a mkaka, m'kachiwaya kakang'ono kakuya. Amaponyamo nthangala za mpiru n'kudikira zithetheke. Zikangoyamba kudumpha amawonjezera nthangala za jeera, kenako tsabola wouma, kachidutswa ka hing, ndi masamba a mtengo wa curry. Zonsezo amazikhuthulira mumphika wa dal zili psuu, n'kuvundikira msanga kuti fungo lisathawe. Chifukwa chake n'chakuti zonunkhira za m'zokometserazi zimasungunuka bwino m'mafuta otentha, osati m'madzi. Mukangoziponya mumsuzi wowira, theka la kukoma kwake limatsalira m'nthangala momwemo.

Hing ndi utomoni wouma wa muzu wa chomera chotchedwa ferula. Wosaphika amanunkha moipa, mwakuti amamusunga m'kabotolo kakekake kotseka bwino, koma akakhudza mafuta amasanduka fungo longa la anyezi ndi adyo. Chodabwitsa n'chakuti India wakhala akumugula kunja nthawi yonseyi, makamaka ku Afghanistan ndi ku Iran. Mu 2020 m'pamene akatswiri a boma anayamba kumudzala m'chigwa chozizira cha Lahaul, ku Himachal Pradesh.

Pa tadka pomwepa m'pamene madera amasiyanirana. Agujarati amathira gol, shuga wa nzimbe wosayeretsa, pamodzi ndi chowawasa ndi mtedza, choncho dal wawo amatsekemera, chinthu chimene anzawo a ku Punjab amawaseka nacho mpaka lero. Ku Tamil Nadu nandolo yemweyo amakhala sambar, wothira bwemba ndi zitheba za chammwamba. Ku Bengal amakazinga nthangala za mitundu isanu pamodzi, panch phoron. Ku Punjab sasiya adyo, anyezi ndi ghee wambiri.

Ngati zokometsera n'zomwezo, bwanji aliyense amati palibe wophika ngati mayi ake?

Pafupi ndi mbaula m'nyumba zambiri pamakhala chitini chobulungira chachitsulo, masala dabba, chokhala ndi timakapu tisanu ndi tiwiri. Zimene zili m'timakaputo zimasiyana nyumba ndi nyumba, ndipo kasakanizidwe ka garam masala nthawi zambiri ndi ka agogo a m'banjamo. Koma chachikulu n'chakuti wophika sayeza. Amatapa ndi zala, amaona mtundu wa anyezi, amamvetsera kulira kwa mafuta. Akafunsidwa kuchuluka kwa mchere amangoti andaaz, kutanthauza kuyerekeza ndi maso. Ngakhale mphika wa pulesha utafika m'makhichini, muyeso sunakhale wa wotchi. Mayi amauza mwana wake pafoni kuti nandolo aphike malikhweru atatu, ndipo malikhweru a mphika wa nyumba ina safanana ndi a nyumba ina.

Kaphikidwe kotere kamakhala mwa munthu, osati m'buku. Mwini wake akamwalira, zina zimapita naye kumanda, ndipo ana amatsala akuyesayesa, mbale n'kumatuluka yofanana koma yosafika. Ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya chakudya ndi chikumbutso ku India.

Ukwati umawonjezera zina. M'madera ambiri mkazi ndiye amapita kukakhala kwa mwamuna, ndipo amakapeza khichini ya apongozi ake ili ndi malamulo ake. Amaphunzira dal wa kumeneko, koma wa mayi ake samuiwala. Amamuphika apongozi akachokapo, kapena amalowetsa pang'onopang'ono kachinthu kamodzi kakwawo mpaka banja litazolowera. Ana ake akadzakula n'kumati "dal wa kwathu", sadziwa kuti akudya mgwirizano wa nyumba ziwiri umene unatenga zaka.

Mabuku anabwera pamene mabanja anayamba kubalalika. Mu 1951 S. Meenakshi Ammal, mayi wamasiye wa ku Tamil Nadu, anasindikiza Samaithu Paar, buku limene makolo akhala akupatsa ana awo aakazi popita ku banja kapena kunja. Madhur Jaffrey anachoka ku Delhi m'ma 1950 kukaphunzira zisudzo ku London asakudziwa kuphika. Chakudya cha kumeneko chitamukwana, analembera mayi ake, ndipo iwo ankamutumizira kaphikidwe m'makalata a pandege. Makalata amenewo ndiwo anali chiyambi cha ntchito imene inabala buku lake la 1973, An Invitation to Indian Cooking.

N'chifukwa chiyani fungo la chakudya limakumbutsa zakale msanga chonchi?

Mitsempha ya m'mphuno imafika mwachindunji ku mbali za ubongo zosunga chikumbukiro ndi zoyendetsa chimwemwe ndi chisoni, pamene zoona ndi zomva m'makutu zimayamba zadzera pena. Izi n'za munthu aliyense. Chosiyana ku India n'chakuti pafupifupi khomo lililonse la moyo lili ndi mbale yake.

Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, mabanja achihindu amachita mwambo wa annaprashan, womulawitsa chakudya cholimba koyamba. Ku Bengal amene amamudyetsa mpunga wophika mumkaka woyambawo nthawi zambiri amakhala malume ake. Mwana akadwala amamuphikira khichdi, mpunga ndi mphodza zophikira pamodzi mpaka kufewa, zothira chikasu ndi kasupuni ka ghee, ndipo akulu ambiri amachifunabe akagona pamphasa ngakhale ali ndi imvi. Popita kukalemba mayeso kapena pa ulendo wautali, mayi wa kumpoto amamwetsa mwana supuni ya dahi, chambiko chawo, chothira shuga. Agujarati sanyamuka opanda thepla, timikate tothira masamba a methi timene timakhala masiku angapo osawonongeka.

Ngakhale akufa ali ndi gawo lawo. Pa milungu iwiri ya Pitru Paksha, imene imagwa cha mu Seputembala, mabanja amaphikira mizimu ya makolo, ndipo ambiri amasankha zakudya zimene malemuwo ankakonda. Gawo lina amaliika panja kapena padenga kuti akhwangwala adye, poti amakhulupirira kuti mbalamezo ndi amithenga a makolo. Mdzukulu amene sanawaonepo agogo ake amakula akudziwa chimene ankakonda kudya.

Nanga achar, bwanji amamulemekeza chotere?

Chifukwa amapangidwa kamodzi pachaka ndipo amadyedwa chaka chonse. Mu Epulo ndi Meyi, dzuwa likafika poswa mtengo mvula isanagwe, mango aawisi amadzaza misika. Ku Andhra Pradesh amawadula ndi chikhokho chake n'kuwasakaniza ndi ufa wa nthangala za mpiru, tsabola, mchere ndi mafuta a chitowe. Ameneyo ndi avakaya. Ku Gujarat amawapala, kuwathira shuga, kumanga nsalu yoyera pakamwa pa chiwiya n'kuchiika padenga masiku angapo kuti dzuwa liphike lokha, n'kutuluka chhundo. Mchere, mafuta ndi kuwawasa ndizo zimaletsa kuwola, choncho dontho limodzi la madzi kapena supuni yonyowa ikhoza kuwononga mtsuko wonse. M'mabanja ena mukadali mwambo woletsa mkazi amene ali kumwezi kukhudza mtsukowo, mwambo umene atsikana ambiri a masiku ano amaukana poyera.

Ntchitoyi sinali ya munthu mmodzi. Azakhali, apongozi ndi anansi ankasonkhana padenga, ana ali alonda opirikitsa mbalame pa timikate topyapyala ta papad toyanikidwa. Pa denga lotere, ku Girgaum mumzinda wa Mumbai, amayi asanu ndi awiri achigujarati anayamba kupanga papad wogulitsa mu 1959 ndi ndalama zobwereka zokwana marupi 80. Bungwe lawo la Lijjat lero lili ndi amayi oposa 40,000, ndipo mmodzi mwa oyambitsawo, Jaswantiben Popat, analandira ulemu wa boma wa Padma Shri mu 2021.

Kodi zakudyazi zakhala choncho kuyambira kalekale?

Ayi. Tsabola woluma, tomato ndi mbatatesi zonse n'zochokera ku America. Vasco da Gama anafika ku Calicut mu 1498, Apwitikizi analanda Goa mu 1510, ndipo tsabola anadzera njira imeneyo. Izi zisanachitike, kuluma kunkachokera ku tsabola wakuda wa m'nkhalango za Kerala ndi jinja. Tomato ndi mbatatesi zinafala mochedwa kwambiri, m'nthawi ya Angelezi. Mbale imene munthu amalumbira kuti ndi ya makolo ake akalekale ingakhale ya mibadwo inayi kapena isanu yokha.

Amati Amwenye sadya nyama. Zoona?

Ambiri amadya. Kafukufuku wa Pew Research Center wa 2021 anapeza kuti akuluakulu 39 pa 100 alionse amadzitcha osadya nyama, ngakhale 81 pa 100 amadziletsa mwanjira ina, monga kusala mtundu wina wa nyama kapena masiku ena. Ajain, otsatira chipembedzo cha Jain, ndiwo amafika patali. Sadya nyama, ndipo okhwima pa chipembedzo sadyanso zokumba pansi monga anyezi, adyo ndi mbatatesi, poopa kupha chomera chonse ndi tizilombo ta m'nthaka. Amadyanso dzuwa lisanalowe.

Koma funsoli lili ndi minga. Ku India chimene munthu amadya chakhala chizindikiro cha gulu limene anabadwiramo, ndipo magulu apamwamba ankakana kudya kapena kumwa chogwiridwa ndi Adalit, amene ankawatcha osayenera kukhudzidwa. Mabuku ambiri a "zakudya za makolo" ndi a mabanja okhala ndi ghee ndi ng'ombe zamkaka. Shahu Patole analemba zina m'Chimarathi mu 2015, buku limene linatuluka m'Chingelezi mu 2024 ndi mutu wakuti Dalit Kitchens of Marathwada. Muli kaphikidwe ka magazi oundana, zam'mimba ndi masamba akutchire, zakudya za anthu amene ankapatsidwa zotsala. Nazonso n'zikumbutso za pabanja, zophikidwa ndi amayi okonda ana awo, kungoti eni ake anaphunzitsidwa kuchita nazo manyazi.

Ndani amaphika zonsezi?

Amayi, ndipo pa ichi nkhani zokoma za "dzanja la amayi" zimakonda kudumphapo. Rotli amakoma akangochoka pachiwaya, choncho wina amayenera kuima pamoto pamene ena akudya, ndipo m'mabanja ambiri, makamaka kumidzi, mkazi amadya pomaliza. Kafukufuku wa boma wa 2019 woona mmene anthu amagwiritsira ntchito nthawi anapeza kuti akazi ogwira ntchito za pakhomo amatherapo mphindi 299 patsiku, amuna 97. Filimu ya Chimalayalam ya 2021, The Great Indian Kitchen, ya Jeo Baby, inautsa mkangano chifukwa chongoonetsa mkazi wongokwatiwa kumene akusenda, kupera, kuphika ndi kutsuka mbale tsiku ndi tsiku, amuna akusiya zotafuna patebulo.

Ku Mumbai chikondi cha chakudya cha pakhomo chinabala ntchito yapadera. Kuyambira 1890, anthu otchedwa dabbawala amatenga zitini za nkhomaliro m'nyumba n'kukazipereka m'maofesi pa njinga ndi pa sitima, n'kubweza zitinizo madzulo. Covid isanafike analipo pafupifupi 5,000, onyamula nkhomaliro pafupifupi 200,000 patsiku. Onyamulawo dziko lonse limawatama. Amene amadzuka m'bandakucha kudzaza zitinizo satchulidwa kawirikawiri.

Chimachitika n'chiyani ku chakudya banja likathamangitsidwa kwawo?

Nthawi zambiri ndicho chokha chimawoloka malire chili chathunthu. Mu 1947, dziko litagawidwa kukhala India ndi Pakistan, anthu pafupifupi 15 miliyoni anasiya nyumba zawo. Ahindu a ku Sindh anataya dera lawo lonse, poti lonse linagwera ku Pakistan, ndipo ambiri anakaikidwa m'misasa yakale ya asilikali ku Ulhasnagar, pafupi ndi Mumbai. Adzukulu awo ambiri Chisindhi sachilankhula bwino, koma sai bhaji, masamba ophika ndi tchana, akuphikidwabe, ndipo Lamlungu pamakhala msuzi wa Sindhi kadhi. Othawa ku Punjab ndi ku Peshawar ndiwo anafalitsa tandoor ku Delhi. Zikumbutso zimenezi zafika mpaka kukhoti: mu 2024 eni malo odyera a Moti Mahal anasumira anzawo a Daryaganj ku khoti lalikulu la Delhi pa funso lakuti ndi agogo a ndani, Kundan Lal Gujral kapena Kundan Lal Jaggi, amene anayambitsa butter chicken.

Kuno ku Africa nkhaniyi inabwerezedwa. Mu Ogasiti 1972 Idi Amin anapatsa Amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti achoke, ndipo pafupifupi 28,000 anapita ku Britain. Khonsolo ya mzinda wa Leicester inafika polengeza m'nyuzipepala ya ku Kampala kuti asabwere, koma anabwerabe. M'zaka zomwezo boma la Kamuzu Banda linachotsa amalonda achimwenye m'midzi n'kuwalamula kukhala m'matauni akuluakulu, ndipo mabanja ambiri ochoka ku Malawi anakathera ku Leicester komweko. Chimene anafika nacho sichinalinso chakudya cha ku Gujarat chenicheni. Pa Belgrave Road ku Leicester lero amagulitsa mogo, chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi mandimu, chimene wachibale wongofika kumene kuchokera ku Rajkot, ku Gujarat, angachione chachilendo. Kwa mabanja amenewa kukoma kwa kwawo kuli ndi Africa mkati.

Kodi nandolo wa ku Malawi amakatheradi m'miphika imeneyi?

Inde. India ndiye amalima nandolo wambiri padziko lonse, koma amadya woposa amene amakolola. Wambiri wa ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Zomba ndi Machinga amene mavenda amagula m'midzi amakathera kumeneko. Alimi anaona mphamvu ya msika umenewu mu 2017, pamene India anakolola zochuluka n'kuchepetsa wolowa kuchokera kunja, mitengo kuno n'kugwa mwadzidzidzi. Mu 2021 maiko awiriwa anasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu.

Munthu atafuna kulawa, ayambire pati?

Pa nandolo wosenda, amene amapezeka m'masitolo a Amwenye ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Lusaka ndi dzina lakuti toor dal. Tsukani kapu imodzi, muiviike kwa theka la ola, kenako muwiritse m'makapu anayi a madzi ndi theka la supuni yaing'ono ya chikasu. Yengulani thovu loyandama pamwamba. Pakatha pafupifupi ola limodzi, nandolo akayamba kuphwanyika yekha, mutakaseni ndi mthiko mpaka asalale. Thirani mchere, tomato mmodzi wodula, ndi madzi a bwemba kapena a mandimu pang'ono. Chowawasacho chidikire nandolo afewe, poti chikalowa msanga amalimba.

Tsopano tadka. Zonse zikhale pafupi musanaike chiwaya pamoto, chifukwa sipakhala nthawi yofunafuna. Supuni ziwiri za mafuta zitenthe, muponyemo nthangala za mpiru, zikathetheka jeera, kenako adyo wodula ndi tsabola. Adyo akangoyamba kufiirira, khuthulirani mumphika n'kuvundikira. Zikada n'kununkha utsi, tayani muyambenso, poti zimawawitsa mphika wonse. Idyani ndi mpunga. Wotsala amalimba pofika mawa lake, choncho pomutenthetsa thirani madzi otentha pang'ono, ndipo ngati mafuta alipo mupangireni tadka watsopano.